Chenjezo kwa inu otsegula thanki usiku mvula ikugwa

Mitambo yayamba kusonkhana pa phiri la Ndirande, ndiye ndati ndiyankhuliretu. Alipo ena pakati pathu amene mvula ikangolimba usiku amadzuka ndi tochi, n'kukatsegula sepitiki thanki kuti zonyansa zitsike ndi madzi a mu ngalande. M'mawa n'kumatipatsa moni nkhope ili gwaa. Ana inu, tikukudziwani. Ngalande imeneyo imadutsa pakhomo pa anzanu, pomwe tiana timasewera opanda nsapato, isanakathire mu Nasolo ndi Mudi, komwe amayi ena amachapa.

Mwaiwala kale maliro aja? Kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inafika m'maboma onse, n'kutenga anthu opitirira 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matenda omwewo. Kolera imayenda ndi chimbudzi cha munthu chikalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya, basi. Musanamizire ufiti.

Mumati thanki ikudzaza msanga. Aidzazitsa ndani? Ine ndakalambira pa ntchito yomanga, ndipo matanki ndawavundukula ambiri. Thanki ili ngati mimba. Zolemera zimakhazikika pansi, mafuta amayandama pamwamba, tizilombo tosaoneka ndi maso timagaya zonyansazo pang'onopang'ono, ndipo madzi apakati okha ndiwo amapita ku dzenje lachiwiri lodzaza miyala lija timati soakaway, n'kumalowa m'nthaka. Tsono inu mimba imeneyi mukuidyetsa matewera otaya a ana, mapadi, makondomu, zitsononkho, tinsanza ndi mafuta otsala pokazinga chipisi. Zimenezi sizigayika. Kenaka fungo likayamba mumakhuthulira botolo lonse la jiki, ena mpaka asidi wa batire ndi oilo wakutha, n'kupha tizilombo tomwe timakugwirirani ntchito ulere.

Matope a pansi aja akakwera n'kuwolokera ku dzenje la miyala, amatseka timipata ta nthaka. Zikafika pamenepo, ngakhale mupope kangati, pakangopita masabata ochepa pabwalo payambanso kunyowa. Chotsala n'kukumba dzenje lina, ndalama zake zoposa zomwe munkazemba.

Eni nyumba za lendi, mawu awa ndi anu makamaka. Thanki munaimangira banja limodzi, lero mwaonjezera tinyumba tinayi kuseri, onse akugejemulira momwemo, madzi a padenga mwalozetsanso komweko. Banja limodzi likhoza kupopa pakapita zaka zitatu mpaka zisanu, koma khamu lotere silingadikire choncho. Lendi mumatolera pa 1 osaphonya, koma ya galimoto yopopa mumati kulibe. Itanani galimotoyo thanki isanasefukire, ndipo mufunse komwe akukataya, chifukwa ena amangokhotera kudambo. Auzeninso asiyeko matope pang'ono pansi, ndiwo mbewu ya tizilombo tija.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi: kutenga mnyamata waganyu, kum'patsa ndowa ndi ka kachasu, ati atsikire m'thankimo. Muli mpweya woipa mmenemo umene umagwetsa munthu asanakuwe n'komwe, ndipo wotsikira kukam'pulumutsa amagweranso pomwepo. Mpweya wina umayaka, choncho machesi, kandulo ndi fodya zisayandikire pakamwa pa thanki. Mnyamatayo ndi mwana wa mwini, ali ndi mayi ake kumudzi.

Chivindikiro chikasweka umbani china cha simenti ndi waya. Lata ladzimbiri lopsinja ndi njerwa ziwiri silingasenze mwana wothamangitsa mpira. Galimoto musaimike pa silabu, ndipo mango ndi bulugamu zikhale kutali, mizu yake imalondola chinyontho mpaka kung'amba khoma. Amene mukukumba zitsime pa mapuloti opanikizanawa, pimani kaye: pakhale mamita 30 kuchokera pa dzenje la zonyansa, lanu ngakhale la oyandikana nawo, ndipo chitsime chikhale kumtunda.

Safunsa anadya phula. Ine ndilipo, wofuna ndimuonere thanki yake abwere, sindilipiritsa. Koma dziwaninso kuti tulo ta nkhalamba n'tochepa, ndipo babu la kuseri kwa nyumba yanga ndaikitsa latsopano. Amene ndidzamuone ndi tochi pa ngalande chaka chino, m'mawa mwake tidzakumana kwa amfumu, tikachoka kumeneko ku khonsolo.