Anawa akuloweza mawu, nkhani sakuiwerenga

Dzulo madzulo mwana wa mchemwali wanga anandibweretsera kope lake kuti ndimufunse mafunso. Eee, anayankha ngati akuimba nyimbo, osapumira n'komwe. Mpangankhani, mfotokozankhani, malo ndi nthawi, kam'mbuyo, kalosera, pampondachimera, zonse zili m'mutu. Ndiye ndinamupatsa kankhani ka masamba awiri n'kumufunsa kuti mnyamata wa m'nkhaniyo anabisiranji kalata ya bambo ake. Zii. Patapita kanthawi anayamba kundifotokozera nkhani yonse kuchokera poyambirira, ati ndiye tsatanetsataneyo.

Ine ndikuona kuti anawa tikuwalakwira. Tsatanetsatane wa nkhani si kungondandalika zomwe zinachitika. E. M. Forster, wolemba mabuku wa ku England, anazimasula bwino mu 1927. Ukanena kuti mfumu inamwalira kenako mfumukazi nayo inamwalira, wangotchula maliro awiri basi. Koma ukati mfumukazi inamwalira ndi chisoni, maliro achiwiriwo abadwa kuchokera mu oyamba aja. Timawu tiwiri tokha, "ndi chisoni", tamanga nkhani. Funso loti "ndiye kenako?" ngakhale mwana wa zaka zinayi amafunsa. Wa kusekondale azifunsa kuti "chifukwa chiyani?"

Chinanso chimene chimandivuta ndi kaphiri kaja amajambula m'makope, kokwera mpaka pampondachimera n'kutsetsereka mbali inayo. Kanachokera kwa Gustav Freytag wa ku Germany mu 1863, ndipo iye ankakamba za masewero a magawo asanu. Lero ana akukakamiza nkhani yaifupi iliyonse kuti ilowe m'kaphiri kameneka ngati phazi mu nsapato yothina. Chonsecho nkhani zambiri zazifupi zimayambira pakati, zina zimathera pamwamba pomwepo osatsika.

Za mfundo yaikulu ndiye musanene. Amangolemba "chikondi" kapena "umphawi" n'kuika kadontho. Chikondicho chatani? Chapulumutsa munthu, kapena chamuchititsa khungu? Ndiponso "ine" amene akufotokoza nkhani si mlembi ayi. Ndi munthu wopeka ngati enawo, ndipo atha kukunamizani maso muli gwa.

Aphunzitsi, sindikunena kuti mawuwa ndi opanda ntchito, ndipo ndikudziwa kuti mayeso amawafunsa. Koma bwanji nkhani iziyamba, dzina lizibwera pambuyo? Mwana ayambe wadabwa kuti mlembi watibwezeranji zaka khumi m'mbuyo, akatero mumuuze kuti chimenecho ndiye kam'mbuyo.

Mtsikana uja ndinamuuza awerengenso, kope litatsekedwa. Ali pa ndime yachiwiri anaima, chala chili pa chiganizo china pomwe mnyamata uja anaona bambo ake akupinda kalatayo kanayi, manja akunjenjemera. "Amalume, kani anatiuziratu apa?" Ndinamufunsa dzina lake la chimenecho. Anaganiza kaye, n'kuseka yekha asanayankhe.