Maganizo anga pa za honors ku yunivesite za ku America

Mwana akatengedwa mu honors college ku America, lomwe ndi gawo lapadera la yunivesite la ophunzira okhoza bwino, abale amasangalala, ndipo n'koyenera. Chimene chimandiwawa n'chakuti ena amangodyerera zapamwamba: hositelo yabwino, mwayi wosankha makalasi anzawo asanasankhe, dzina lokoma pa CV. Pofika chaka chachitatu amatulukamo mwakachetechete thesis, kafukufuku wolemba pomaliza digiri, isanayambe n'komwe. Pulogalamu ya honors phindu lake lenileni ndi limodzi, imakufikitsani kwa pulofesa amene adzakudziwani dzina, kukulowetsani mu kafukufuku wake, ndi kukulemberani kalata yomveka mukamafuna sukulu yapamwamba. Zina zonse muziziyesa ndi funso loti, kodi zikundiyandikitsa kwa munthu ameneyo?

Kwa makolo amene anazolowera za ku South Africa, kumene honours ndi digiri ya chaka chimodzi yobwera pambuyo pa digiri yoyamba: ku America si choncho. Mwana amakhala pa digiri yake ya zaka zinayi yomweyo, koma makalasi ena amawatenga m'magulu ang'onoang'ono, ndipo pomaliza amalemba kafukufuku wakewake. Njira imeneyi anaitchukitsa Frank Aydelotte ku Swarthmore College mu 1922, atatengera zimene anaona ku Oxford.

Tiyeni titenge Barrett, honors college ya Arizona State University, yunivesite imene yaphunzitsa ana ambiri a ku Africa kudzera mu sikolashipu ya Mastercard Foundation. Inakhazikitsidwa mu 1988, ndipo dzinali inalitenga mu 2000 pamene Craig Barrett, yemwe anali mkulu wa Intel, ndi mkazi wake Barbara anapereka madola 10 miliyoni. Wolowa chaka choyamba amafunika ma credit (mapointi amene kalasi iliyonse imapereka mukaimaliza) 36 a honors mwa 120 a digiri yonse, GPA (avareji ya malikisi) yosachepera 3.25 pomaliza, komanso thesis. Werengani bwino masamu ake. Ma credit 6 amapita ku kalasi yokakamiza yotchedwa The Human Event, ena mpaka 6 ku thesis. Otsalawo ndi 24, kutanthauza makalasi 8 a ma credit atatu, kalasi imodzi semesita iliyonse. Amene wadumpha masemesita awiri amadzapezeka akuthamangitsa makalasi atatu a honors nthawi imene akuyenera kukhala pa thesis, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera mphwayi.

The Human Event ndi yokambirana. Ophunzira pafupifupi 20 amakhala mozungulira, atawerenga kale mabuku akale ndi atsopano, ndipo kuyankhula m'kalasi kuli ndi malikisi ake. Ife amene tinakulira m'sukulu zimene mphunzitsi amalemba pa bolodi ife n'kumakopera, timaona ngati kukhala chete ndi ulemu. Kumeneko mphunzitsi amaona ngati simunawerenge. Mankhwala ake ndi osavuta: usiku wake lembani mafunso awiri, lililonse ndi nambala ya tsamba pamene lachokera, ndipo limodzi mulifunse mphindi khumi zoyambirira nkhani isanapite kutali. Nkhani zolemba nazonso sizifuna kuti mubwereze zimene wolemba ananena. Zimafuna mfundo yanu imene munthu wina angathe kuitsutsa, ndi umboni wochokera m'bukumo.

Tsopano pa contract, pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi chida champhamvu kwambiri komanso ndi chimene chimaonongedwa kwambiri. Ku Barrett amaitcha honors enrichment contract. Mumakhala m'kalasi wamba, mwina ya anthu 200, koma mumagwirizana ndi mphunzitsi kuti muchita ntchito yapadera, iye akakhutira kalasiyo imawerengedwa ngati ya honors. Kwa a engineering kapena a nursing, amene ndondomeko yawo ya makalasi ndi yothina, nthawi zambiri iyi ndiyo njira yokwanitsira ma credit aja.

Zimalakwika motere. Wophunzira amapita kwa mphunzitsi tsiku lotseka litayandikira, n'kufunsa kuti ndichite chiyani. Mphunzitsi wotanganidwa amangoti lemba masamba asanu pa mutu uliwonse. Masambawo amalembedwa usiku umodzi sabata yomaliza, credit imalowa, koma mphunzitsiyo sangakuzindikireni mukakumana pakhonde. Mwapeza nambala, munthu mwamutaya.

Yochita bwino imayamba sabata yoyamba kapena yachiwiri. Musanapite kwa mphunzitsi, onani pa tsamba la dipatimenti kapena pa Google Scholar kuti iye amafufuza chiyani, muwerenge mapepala ake awiri aposachedwa, ngakhale mumvepo theka lokha. Pitani pa office hours, nthawi imene mphunzitsi amalandira ophunzira mu ofesi yake, ndi ganizo lanu m'manja. Ngati amafufuza za madzi akumwa, mwina mungaunike mapepala 10 kapena 12 onena za kuyeza madzi a m'mijigo n'kulemba pamene akugwirizana ndi pamene akutsutsana. Ngati ndi wa zachuma, mungatenge deta ya World Bank n'kubwereza tebulo limodzi la m'pepala lake kuti muone ngati zotsatira zikufanana. Mu mgwirizano mulembe zinthu zitatu momveka: chimene mudzapereke, tsiku lake, ndi masiku okumana. Kukumana milungu iwiri iliyonse kwa mphindi 20 kumakupatsani maulendo 6 kapena 7 pa semesita, ndipo maulendo amenewo ndi amene amabala kalata ija. Funsaninso ngati wophunzitsayo ndi pulofesa wokhazikika. Makalasi ambiri a chaka choyamba amaphunzitsidwa ndi ophunzira a PhD kapena aganyu, anthu abwino ndithu, koma chaka chamawa mwina sadzakhalapo, ndipo kawirikawiri saloledwa kutsogolera thesis.

Ine ndimaona kuti contract ziwiri ndi pulofesa mmodzi zimaposa zisanu ndi anthu asanu. Yoyamba imamuonetsa kuti mumasunga nthawi. Yachiwiri imakulowetsani mu labu kapena m'gulu lake la kafukufuku. Thesis imangokhala kupitiriza ntchito imene munayamba kale.

Kafukufuku wa mu labu amafuna maola 8 mpaka 10 pa sabata, ndipo apa mwana wa kwathu ali ndi vuto limene anzake a ku America alibe. Visa ya ophunzira ya F-1 imalola maola 20 okha pa sabata ogwira ntchito pa sukulu pamene makalasi ali mkati, ntchito zonse kuphatikiza pamodzi. Ngati mwadzaza maola 20 ku kafiteriya, ntchito yolipidwa ya mu labu ilibe polowa. Ndikudziwa kuti kumudzi kumakhala fizi ya achimwene ndi feteleza zikudikira ndalama yomweyo, choncho sindinganene kuti siyani ntchito. Koma yambani kafukufuku ngati kalasi ya credit, semesita ikatha mufunse pulofesa ngati ali ndi ndalama yolipira wothandizira, kenako musinthe maola 10 a kukhitchini akhale a mu labu. Ku Michigan State, kumene Honors College inayamba mu 1956, kuli dongosolo la Professorial Assistantship limene limalipira ophunzira ena osankhidwa kuti agwire ntchito ndi pulofesa kuyambira chaka choyamba. Fufuzani ngati sukulu yanu ili ndi lofanana nalo.

Chinthu china chimene alangizi amaiwala kukuuzani, chifukwa ambiri mwa ana awo ndi nzika za America: mipata yambiri imene imalengezedwa mu imelo ya honors si yanu. REU, pulogalamu ya kafukufuku ya National Science Foundation, imalipira nzika za America ndi okhala ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo) basi. Sikolashipu ya Goldwater chimodzimodzi. Truman, Marshall, Gilman ndi Fulbright ya ophunzira a ku America ndi za eni dziko. Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, tsikirani pamene alemba za oyenera kufunsira. Zotseguka kwa inu zilipo, ndipo ndi zazikulu. Rhodes, sikolashipu yokaphunzira ku Oxford, ili ndi malo a chigawo cha kummwera kwa Africa mmene muli Malawi, pomwe Zambia ndi Zimbabwe ali ndi malo awoawo, ndipo mumafunsira kudzera ku dziko lanu ngakhale mukuphunzira ku Arizona. Gates Cambridge imalandira wa dziko lililonse kupatula Britain. Knight-Hennessy ya ku Stanford ndi Schwarzman ya ku Tsinghua siziyang'ana pasipoti. Projects for Peace imapereka madola 10,000 kuti wophunzira akachite ntchito yake pa tchuthi chachitali, ngakhale kwawo, ngati sukulu yake ili m'gulu la zogwirizana nawo. Ku Arizona State kuli ofesi yothandiza pa masikolashipu amenewa, Lorraine W. Frank Office of National Scholarship Advisement, ndipo masukulu ambiri ali ndi yawo. Kagogodeni chaka chachiwiri. Rhodes imatsegula cha mu Juni, nthawi imene mapulofesa abalalika pa tchuthi, ndiye makalata muyenera kuwapempha mu Epulo.

Za internship yakunja kwa sukulu, lamulo ndi louma. Muyenera kukhala mutatha chaka chimodzi chathunthu cha maphunziro, ntchitoyo igwirizane ndi digiri yanu, ndipo chilolezo chake, chotchedwa CPT, chilembedwe pa I-20 yanu (fomu ya sukulu yoyendera limodzi ndi visa) ndi ofesi ya ophunzira akunja musanayambe, osati mutayamba. Mukakwanitsa miyezi 12 ya CPT ya maola onse, mwataya OPT, chilolezo chimene mukanagwirira ntchito mutamaliza digiri. Mlangizi wa honors sadziwa zonsezi, si ntchito yake. Maulendo okaphunzira kunja nawonso muwaganizire kawiri. Milungu itatu ku Italy ndi yokoma, koma mtengo wake umafika madola masauzande angapo, mufunika visa ya Schengen, siginecha yapaulendo pa I-20, ndi visa ya America imene sinathe, apo ayi mukatsekeredwa kunja. Malamulo a visa kwa anthu a m'maiko athu akhala akusinthasintha, choncho musagule tikiti musanakhale pansi ndi ofesi ya ophunzira akunja ija.

Misonkhano ya alendo otchuka, makalabu, maudindo a utsogoleri, zonsezi tengani chimodzi kapena ziwiri basi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. GPA ikatsika, honors imatha, ndipo sikolashipu imene inakubweretsani ikhoza kutha nayo.

Thesis ku Barrett imayang'aniridwa ndi pulofesa wotsogolera pamodzi ndi membala wachiwiri wa komiti, imatenga masemesita awiri, ndipo imathera pa kuiteteza pamaso pawo. Mutu ndi wotsogolera zipezeke chaka chachitatu chisanathe. Matenda ake oyamba ndi mutu waukulu. "Umphawi ku Malawi" si mutu, ndi laibulale yathunthu. Mmene mtengo wa chimanga umasinthira pakati pa nthawi yokolola ndi miyezi ya njala m'misika itatu pa zaka khumi, umenewo ndi mutu, chifukwa uli ndi deta, malire ndi pothera.

Matenda achiwiri ndi oopsa kwambiri kwa amene akufuna kufufuza za kwawo. Wophunzira amabwera pa tchuthi, n'kufunsa amayi 40 mafunso pa chipatala, n'kubwerera ndi kope lodzaza. Komiti imamuuza kuti sangagwiritse ntchito chilichonse, chifukwa kafukufuku wokhudza anthu amafuna chilolezo cha IRB, komiti ya pa yunivesite yoteteza anthu ofufuzidwa, asanayambe, ndipo IRB sipereka chilolezo chobwerera m'mbuyo. Ndondomeko yake ndi iyi: malizani maphunziro a pa intaneti a CITI onena za malamulo a kafukufuku, lembani pempho ndi pulofesa wanu, mafunso ndi kalata yopempha chilolezo kwa ofunsidwa zimasuliridwe m'Chichewa kapena chiyankhulo cha kumeneko, kenako mufunenso chilolezo cha kwathu. Ku Malawi za umoyo zimadutsa ku National Health Sciences Research Committee kapena ku College of Medicine Research and Ethics Committee (COMREC), za chikhalidwe cha anthu ku komiti ya pansi pa National Commission for Science and Technology. Makomitiwa ali ndi masiku awo okumana ndi ndalama zolipira. Ngati mukufuna kufunsa anthu mu Juni, mapepala ayambe kuyenda mu Januwale. Nthawi ikakuthawani, gwiritsani ntchito deta imene ilipo kale, monga ya Demographic and Health Survey kapena Integrated Household Survey ya National Statistical Office. Thesis yake imatha kukhala yolimba kuposa ya mafunso 40 othamangitsa.

Ntchito ikaoneka mutu, ipititseni ku msonkhano. NCUR, msonkhano wa kafukufuku wa ophunzira a digiri yoyamba umene unayamba mu 1987 ku Asheville, umachitika chaka ndi chaka cha mu Malichi kapena Epulo, koma chidule cha pepala chimafunika miyezi ingapo m'mbuyo, chaka chisanathe. Ma honors college ambiri ali ndi thumba lolipirira ulendo wotere ndi zipangizo za thesis, ndipo kawirikawiri amabweza ndalama mutagula kale, ndiye pemphani chivomerezo choyamba ndipo malisiti musataye.

Zonsezi si zaulere. Barrett imalipiritsa ndalama yapadera pamwamba pa fizi, m'zaka zapitazi pafupifupi madola 1,000 pa semesita, ndipo si sikolashipu iliyonse imene imalipira gawo limeneli. Funsani okulipirirani musanavomere, yankho likhale lolembedwa. Ngati cholinga chanu ndi PhD, sukulu ya zamankhwala kapena sikolashipu ngati Rhodes, lipirani, ndalamayo idzabwerera. Ngati mukudziwa mumtima kuti thesis simudzalemba, ndikuti musalowe. Office hours ndi za wophunzira aliyense, labu sifunsa ngati muli mu honors, ndipo madola 8,000 a zaka zinayi angakulipirireni renti pa tchuthi chimene mukugwira internship.