Nkhawa mwazisiya m'tchalitchi, mukuzitolanso pakhomo bwanji?

Lamulungu lapitali ndinatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, kuno ku Joni, mtima uli m'malo, koma ndisanafike ndi pageti pomwe, bambo ena a kwathu ku Ntcheu anandiwonongera tsiku lonse. Tinakhala benchi limodzi, ndipo pamene abusa ankalalikira pa 1 Petro 5:7, mawu otiuza kuti titaye nkhawa zathu zonse pa Mulungu chifukwa Iye amatisamalira, bambowa ndi amene ankavomera mokweza kuposa mpingo wonse. Titangotuluka panja anandigwira mkono n'kuyamba kudandaula kuti Khirisimasi ya chaka chino ndi yatsoka, kuti Mulungu wawataya, ndiponso kuti tulo sakuliona. Nditafunsa kuti chachitika n'chiyani achimwene, anandiyankha kuti abwana awo apita kutchuthi ku Durban osawasiyira bonasi. Malipiro alandira onse, ntchito ikuwadikira mu Januwale, ana ali bwino kumudzi, koma munthu wamkulu ndithu akulira ngati wafedwa.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano sunazizire. Katundu amene mwatula pamaso pa Mulungu nthawi ya 10 koloko, mukumusenzanso bwanji nthawi ya 12 koloko?

Taganizani zimene timachita ku Park Station, pokwerera mabasi opita kumudzi, mwezi uno wa Disembala. Munthu amafika ndi zikwama, ndowa, njinga, mwinanso firiji, n'kupereka zonsezo kwa dalaivala amene sadziwa ngakhale mudzi wake. Katunduyo adzadutsa pa Beitbridge, adzadutsa pa Nyamapanda, adzawoloka Zambezi ku Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, koma mwini wake amabwerera ku Yeoville kapena ku Diepsloot n'kukagona tulo tofa nato. Sindinaonepo munthu akuthamanga pambuyo pa basi mpaka ku Musina kuti aone ngati chingwe chamangidwa bwino. Dalaivala timamukhulupirira, koma Mlengi wa dalaivalayo timamutsatira m'mbuyo n'kumamulanda zimene tamupatsa tokha. Kumeneko si kupereka nkhawa ayi, ndi kumubwereka Mulungu kwa maola awiri okha, mapemphero akatha n'kumuuza kuti abweze.

Ndikudziwa kuti zinthu n'zolimba: kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza wakwera, ndipo nkhani ya mapepala okhalira m'dziko muno aliyense akuidziwa. Koma kodi kudandaula kwanu kwatsitsapo mtengo wa thumba limodzi?

Chimene chikundinyansa kwenikweni ndi kusayamika. Chaka chino tasonkha ndalama kangati pa magulu athu a WhatsApp kuti mtembo wa mnzathu ukafike kwawo? Inu bambo munali m'gulu la osonkha, simunali m'bokosi limene linakwezedwa pangolo kumbuyo kwa galimoto. Tonse tikukumbukira moto wa pa 31 Ogasiti 2023 umene unatentha nyumba ya Usindiso ku Marshalltown n'kupha anthu oposa 70, ena mwa iwo a Malawi anzathu amene anabwera kuno ndi maloto ofanana ndi athu. Mabanja awo akanasangalala kwambiri kulandira foni ya munthu wamoyo wonena kuti bonasi palibe. Inu mwadzuka, mwasamba, mwavala jekete, mwayenda ndi miyendo yanu mpaka ku tchalitchi, ndiye mukutsegula pakamwa n'kunena kuti Mulungu wakutayani? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Yamikani chimene chili pamphuno, musiye kulirira cha mphepo.

Ndiponso Khirisimasi imene tikuidandaulirayi inayamba ndi anthu osowa pogona. Mwana anagonekedwa modyera ziweto chifukwa malo m'nyumba ya alendo munalibe, ndipo pasanapite nthawi yaitali Yosefe anadzuka usiku n'kuthawira ku Igupto ndi mayi ndi mwana, kukakhala alendo m'dziko la eni monga tilili ife kuno ku Joni. Sitimva kuti Mariya anakhala pansi n'kumawerenga zimene akusowa. Ife amene tili ndi chipinda, ngakhale chikhale cha malata kuseri kwa nyumba ya munthu, tikufuna kuuza Mulungu kuti tsiku la kubadwa kwa Mwana wake lawonongeka chifukwa sitigula nsapato zatsopano zokajambulitsa pa Facebook. Manyazi bwanji!

Ngati mwapereka, perekani ndithu. Ngati simukufuna kupereka, khalani nazo nkhawa zanuzo, koma musatisokose ndi Ameni wabodza m'tchalitchi. Mpunga ndi nkhuku imodzi, kapena nsima ya ufa wa kuno ndi kabichi, munthu akhoza kudya akuyamika, ndipo akhozanso kudya mbuzi yathunthu akung'ung'udza.

Nanunso abale athu a kumudzi, nkhaniyi ikukukhudzani. Munthu wagwira ntchito m'munda mwa mzungu chaka chonse, wadzimana, watumiza ndalama pa Mukuru kuti mugule mpunga wa Kilombero, Sobo ndi feteleza wobereketsa, ndipo uthenga woyamba umene mukubweza ndi wakuti yachepa. Mawu oti zikomo palibe, funso loti muli bwanji kumeneko palibe, koma mndandanda wa fizi ya Januwale wafika kale. Mlongo wanga weniweni wandichita zimenezi Lachiwiri lapitali, ndipo mpaka lero sindinamuyankhe.