Ndere zija si zonyoza

Zikomo alembi potiuza za ndere zomwe zikumera pomwe madzi oundana akusungunuka ku Arctic, dera lozizira kwambiri la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Koma mwalemba ngati zonsezo ndi zachilendo zobwera ndi mphepo. Zina zinalipo kale, zinangokwiririka.

Mu 2013, Catherine La Farge wa ku yunivesite ya Alberta ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza pa chimulu chachikulu cha ayezi chotchedwa Teardrop Glacier, pachilumba cha Ellesmere ku Canada. M'mphepete mwa ayezi anatola ndere zakuda bii, zomwe zinakhala pansi pake zaka pafupifupi 400. Atayang'anitsitsa anaona timphukira tobiriwira. Anazidula, n'kuziika m'timbale ta dothi mu labotale, ndipo zina zinameranso!

Ine sindinadabwe kwambiri. Pakhoma la bafa kwathu ndere zimauma gwa mu Okutobala, mvula yoyamba ikangogwa m'mawa mwake zabiriwira. Zilibe mizu yeniyeni, ndipo kachidutswa kakang'ono kamatha kuyambitsa chomera chonse. Zikafa n'kuwola zimasiya kadothi koti maluwa ndi timitengo tidzamerepo.

Komabe mtima ukundiwawa. Kuti tizione ndere za ku Arctic zija, ayezi wasungunuka chifukwa dziko likutentha. Chonde mudzalembekonso za ndere zina zija, zaphanthiphanthi ngati chiwindi, zomwe mwangozidutsa.