Kabokosi kamene kankaimba nyimbo za magemu akale

Usiku wathawu ndagona cha m'ma 1 koloko chifukwa cha kabokosi kakuda kamene kali patebulo langa, ndipo ndati lero ndilembe zimene zakhala zikundiyenda mumtima kwa miyezi ndithu. Kabokosiko ndi Roland SC-55, kamene kamadziwikanso kuti Sound Canvas, ndipo kanatuluka mu 1991. Kalibe makiyi ngati kiyibodi ya kutchalitchi, kalibenso sipika. Kutsogolo kwake kuli kagalasi kowala ngati lalanje, ndipo nyimbo ikayamba, timizere 16 timakwera ndi kutsika, kamzere kalikonse kakuimira choimbira chake. Ukazimitsa getsi m'chipinda umaona ng'oma ikugunda pa kamzere ka nambala 10, besi ikuyenda pambali pake. Ine ndimatha kungokayang'ana osatopa.

Anandipezera ndi mnzanga wina amene amagula zinthu zakale kuchokera ku Japan. Tsiku limene kanafika ndinali ndi phuma lofuna kukalumikiza kumagetsi, koma bambo wina wokonza mawailesi pafupi ndi kwathu anandigwira dzanja. Anatembenuza adaputala ija n'kundionetsa timalemba tating'ono: inali ya mavoti 100 a ku Japan, pamene magetsi athu kuno ndi 230. "Mukanaipsereza iyi, achimwene," anatero. Anandiuzanso kuti pa zipangizo za Roland zoterezi, kachitsulo kapakati pa pulagi ndi ka negetivi, mosiyana ndi maadaputala ambiri apamsika. Amene mukufuna kugula, sungani mawu amenewo.

Anthu ambiri akabwera kwathu amandifunsa funso limodzi: n'kuwonongeranji ndalama pa chinthu chakale chonchi pomwe foni ikutha kuimba nyimbo iliyonse? Yankho langa limayambira pa kwaya. Amene munaimbapo kwaya mukudziwa pepala la solfa. Papepalapo palibe mawu omveka, pali malangizo okha: yambani pa doh, kwerani pa soh, apa kokerani, apa dulani. Pepala lomwelo mukalipereka ku makwaya awiri, mumva nyimbo ziwiri zosiyana kukoma kwake. MIDI ili chimodzimodzi. Makampani opanga zoimbira anagwirizana za njira imeneyi mu 1983, ndipo amene anatsogolera anali Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland ndi Dave Smith wa ku America. Kompyuta imangotumiza malangizo, kuti liza noti yakuti, mwamphamvu chonchi, ndi choimbira nambala yakuti. Woimba weniweni ndi kabokosi kamene kali kumapeto kwa waya.

Opanga magemu anaikonda njirayi chifukwa malo anali ochepa zedi. Disiki yaing'ono ija inkanyamula 1.44 MB basi, moti nyimbo yojambulidwa bwino ya mphindi imodzi yokha sikanakwanamo. Koma malangizo a nyimbo yonse ankatenga kamalo kochepa kwambiri. Vuto linali woimbayo. Kompyuta zambiri za m'ma 1980 zinali ndi kasipika kongolira kuti pii pii, noti imodzi panthawi. Mu 1987 kunabwera khadi ya AdLib yokhala ndi tchipu cha Yamaha, kenako Sound Blaster mu 1989, ndipo zinthu zinasintha ndithu, ngakhale kuti mawu ake ankamveka ngati achitsulo.

Chaka chomwecho cha 1987, Roland inatulutsa kabokosi kena koimba nyimbo za MIDI kotchedwa MT-32. Sikanapangidwire magemu ayi, kanali ka anthu oimba kunyumba, ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 700 a ku America, ndalama zambiri nthawi imeneyo. Kampani ya magemu ya Sierra ndi imene inaona kuti apa pali mwayi. Kuyambira pa King's Quest IV mu 1988, inayamba kulemba nyimbo za magemu ake molingana ndi kabokosika, mpaka inkakagulitsa yokha kwa makasitomala ake. Ena anatsatira, monga LucasArts ndi The Secret of Monkey Island mu 1990. Munthu amene anali ndi MT-32, pamodzi ndi MPU-401 yolumikizira kukompyuta, ankamva zitoliro, mavayolini ndi ng'oma zomveka ngati zili m'holo, pamene mnzake wosewera gemu yomweyo ankangomva kulira kwa kasipika.

Pali chinthu china chokhudza MT-32 chimene chimandigwira mtima. Gemu ikamayamba, imatha kutumiza zoimbira zakezake zatsopano m'kabokosiko, zimene wolemba nyimbo anachita kuzikonza yekha, kuphatikizapo phokoso la mphepo, zitseko kapena mfuti. Imathanso kulemba mawu pa kagalasi kake. Space Quest III, mwachitsanzo, imalembapo kuti "Insert Buckazoid", ngati kuti kabokosiko ndi makina oponyamo ndalama. Kunali munthu amene anakhala pansi n'kuganizira osewera ochepa aja amene adzayang'ane pa kagalasiko. Chifukwa cha zoimbira zapaderazi, nyimbo ya MT-32 mukaipatsa kabokosi kena imatuluka yosokonekera. Pamene panayenera kulira chitoliro pamalira china chake chosagwirizana, chifukwa manambala a zoimbira ndi osiyana. Chisokonezochi ndi chimene General MIDI inabwera kudzathetsa mu 1991: zoimbira 128 zokhala ndi manambala okhazikika, nambala 1 piyano kulikonse, ng'oma pa tchanelo 10. SC-55 yangayi inali m'gulu la zoyambirira kutsatira mgwirizanowu.

Ndikumbukira bwino tsiku limene ndinatsegula gemu ya Doom ya 1993 kabokosika katalumikizidwa. Nyimbo yoyamba ija ndinkaidziwa kuyambira ndili mnyamata, pa kompyuta yakale ya Windows. Ndinkaganiza kuti ndikuidziwa. Koma gitala inalowa ndi mphamvu imene sindinaimvepo, ng'oma zinali ndi thupi, ndipo mawu ankachita kuzirala pang'onopang'ono m'malo mongoduka. Bobby Prince, amene analemba nyimbo za gemuyi, ankagwiritsa ntchito Sound Canvas. Zikutanthauza kuti zaka zonsezo ndinkamva pepala lake likuimbidwa ndi kwaya ina. Chochititsa chidwi n'chakuti choimbira cha MIDI chimene chimabwera mu Windows chinachokeranso ku Roland komweko, Microsoft inachita kutenga chilolezo, kungoti ndi chochepetsedwa kwambiri. Ndi pachibale, koma si munthu mmodzi.

Tsono maganizo anga ndi awa. Nyimbo za magemu amenewa ndi ntchito ya anthu aluso, ndipo theka la ntchitoyo lili m'timabokosi timeneti. Kusunga gemu n'kutaya kabokosi kuli ngati kusunga pepala la solfa oimba onse atapita. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona anthu ena pa intaneti akuonetsa mashelefu odzaza, ma MT-32 angapo, ma Sound Canvas, ma Yamaha MU80, zonse zili zii, zikungodikira kuti mtengo ukwere. Zinthuzi sizikupangidwanso. Chilichonse chimene chatsekeredwa m'kabati ndi chimodzi chimene mwana wina wofuna kuphunzira sachipeza. Ndipo kukhala osagwira ntchito sikuziteteza, chifukwa makapasita a m'kati amakalamba ndithu, batire losunga zokonzedwa limatha, nthawi zina mpaka kuchucha n'kuwononga bolodi.

Sindigwirizananso ndi aja amene amanyoza pulogalamu zotsanzira timabokositi, amvekere si zenizeni. Ineyo MT-32 ndilibe. Ukaphatikiza mtengo wake, wotumizira ndi msonkho, kuwonjezera kusowa kwa ndalama zakunja, kwa ambiri a ife n'zosatheka. Ndimagwiritsa ntchito Munt, pulogalamu yotsanzira MT-32, pamodzi ndi DOSBox, yoseweretsa magemu akale pa kompyuta zamakono, ndipo pali enanso amene amaika pulogalamu ya mt32-pi pa kakompyuta ka Raspberry Pi n'kukhala ngati ali ndi kabokosi kenikeni. Munt imafuna mafayilo a ROM ochokera m'kabokosi kenikeni, amene ndi katundu wa Roland, choncho nkhani ya chilolezo isaiwalidwe. Koma anthu amene anathera zaka akuyesa noti imodziimodzi kuti pulogalamuyi imveke ngati chenichenicho, osalipidwa, ine ndimawavulira chipewa. Tsiku limene MT-32 yomaliza idzasiye kuyaka, ntchito yawoyo ndi imene idzatsale ikuimba.

Mwina mukuti zonsezi n'zakutali. Komatu ambirife MIDI tinaimva tisanadziwe dzina lake. Maringitoni aja a mafoni a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, amene tinkati a polyphonic, ambiri anali MIDI. Ndipo amene mumaliza kiyibodi kutchalitchi, kaitembenuzeni Lamlungu likubwerali. Ngati ndi yakaleko, mupeza timabowo tozungulira tolembedwa MIDI IN ndi MIDI OUT, kalikonse kokhala ndi timaenje tisanu. Ndi waya womwewo umene unkalumikiza kompyuta ndi MT-32 mu 1988. Loweruka lapitali ndinanyamula SC-55 kupita nayo kokonzekera kwaya, n'kuilumikiza ku kiyibodi yathu imene ena ankati yatha ntchito. Mtsikana amene amaliza anasindikiza makiyi atatu, piyano ya 1991 inamveka m'tchalitchi monse, ndipo anandipempha kuti sabata yamawa ndidzabwere nayonso.