Anamuweruza chifukwa cha tsitsi lake

Ndikamaona masamba a nkhani pa Facebook akuponya chithunzi cha munthu amene apolisi angomugwira kumene, dzina, mudzi ndi mfumu yake zonse poyera, ndimakumbukira Christopher Jefferies.

Bamboyu anali mphunzitsi wopuma pantchito mumzinda wa Bristol ku England, wa zaka 65. Mtsikana wina amene ankachita lendi panyumba pake, Joanna Yeates, anasowa pa 17 Disembala 2010, ndipo mtembo wake unapezeka tsiku la Khirisimasi. Pa 30 Disembala apolisi anamanga Jefferies kuti akamufunse mafunso. Sanamutsegulire mlandu uliwonse. Koma nyuzipepala zinali zitagamula kale. Zinafukula chithunzi chakale pomwe tsitsi lake linkaoneka labuluu, n'kuchiika patsamba loyamba. Akuti ndi wachilendo m'makhalidwe, amakhala yekha, sanakwatirepo, amakonda ndakatulo. Umboni wake unali umenewo basi. Atolankhani ankasaka aliyense woti anene kanthu koipa, ambiri osatchulidwa n'komwe maina.

Ife a kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Mwana akamwalira mwadzidzidzi pamudzi, chala chimaloza agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi, a maso ofiira ndi utsi wa nkhuni. Chimandiwawa n'chakuti ku Bristol oloza chalawo anali anthu ophunzira ntchito yawo, okhala ndi akonzi ndi maloya, odziwa bwino kuti woganiziridwa si wolakwa.

Wakupha anali Vincent Tabak, mnyamata wa ku Netherlands wokhala khomo loyandikana ndi malemuyo, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu Okutobala 2011. Nyuzipepala 8 zinalipira Jefferies chipukuta misozi chifukwa chomuipitsira mbiri. Daily Mirror analipitsidwa mapaundi 50,000, The Sun 18,000, chifukwa cholemba zoti zikanasokoneza chilungamo. Ndalama zimenezo kwa iwo ndi zogulira mchere.

Jefferies anali ndi mwayi wopeza maloya, anakafikanso pamaso pa woweruza Leveson, amene ankatsogolera kafukufuku wa makhalidwe a nyuzipepala za ku Britain, kukafotokoza zomwe anamuchita. Nanga mlonda kapena wantchito wa m'nyumba amene chithunzi chake chazungulira magulu onse a WhatsApp dzuwa lisanalowe, adzamulembera ndani kuti khoti lamupeza wosalakwa? Ine ndikufuna mtolankhani amene analemba za kumangidwa kwake akakhalenso pabenchi la khoti tsiku lachigamulo, alembe ndi zilembo zazikulu zomwe zija.