Stwnsh ndi imene inamugwira mwana wanga

Ena alemba kuti ana akakulako amasiya mapulogalamu a pa TV a Chiwelishi (chinenero cha ku Wales) n'kuthawira ku YouTube. N'zoona, koma si onse. Ine ndimakhala ku Cardiff, ku Wales, ndipo mwana wanga wa zaka 11 amaphunzira pasukulu ya Chiwelishi. Ali wamng'ono ankakonda Cyw, gawo la ana aang'ono pa S4C (wailesi ya kanema ya Chiwelishi), pano amati n'za makanda. Chimene chinamugwira ndi Stwnsh, gawo la S4C la ana okulirapo lomwe linayamba mu 2010. Phokoso lokhalokha, nthabwala zopanda mutu, kuthirana zamadzimadzi zonanda kumutu. Ine ndimangopukusa mutu. Koma Chiwelishi chomwe amatolako n'chimene amacheza nacho ndi anzake pabwalo, chosiyana ndi cha m'kalasi. Dandaulo langa ndi limodzi: nthawi ya Stwnsh pa TV ndi yochepa kwambiri.